Njinga ya Amuna Anga Ikulira Pamchombo

LOLEMBA

Amuna anga apita kunyanja. Akakhala ku zimbowera, timisasa tawo toyandama tija, kupha matemba ndi anzawo. Abwera Lamulungu. Andisiyira njinga. Osati kuti ndikwere. Kuti ndikaikonzetse.

Ndi njinga ya mjaho. Anaigula ku Zomba atangobwera kuchokera ku Joni, tisanakwatirane. Matayala opyapyala ngati chala changa chaching'ono, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ilibe keliyala, ilibe belu, ilibe madigadi. Sinanyamulepo thumba la mpunga. Ngakhale ine sinandinyamulepo. Koma iwo amaikonda, ndiye inenso ndimaikonda.

Vuto lake ikulira. Akamapalasa imati kwee, kwee, gudu. Kwee, kwee, gudu. Imayamba kumveka iwo akadali kuminda ya sikimu ya Likangala, ife tili kuno kunyumba.

Anditulutsira pepala m'Baibulo. Dzina lake galanti. Akuti chinthu chikawonongeka chaka chisanathe, a kusitolo amakonza ulere, bola pakhale palibe munthu wina amene watsegulapo. Chakacho chikutha Loweruka lino masana. Iwo anaiwala. Akumbuka dzulo m'tchalitchi chifukwa Baibulo linatseguka pomwepo.

Mawu awo ponyamuka: "Inu ndinu osamala zinthu. Ndidzaipeze itatseka pakamwa."

Chilowereni m'banja aka n'koyamba kundituma kunja kwa mudzi. Ndangogwedeza mutu. Koma ndikwanitsa.

Zochita:
kupeza pamene pakulira
osalola munthu kutsegula
Zomba Lachisanu, pa lole ya matemba
kulankhula ndi mwini sitolo (izi ndiziganizira Lachinayi)

Madzulo. Ndaisambitsa monga mwa masiku onse. Madzi, sopo pang'ono, mchenga wosefa wa kumtsinje. Pakati ndakwecha kwambiri chifukwa ndi pamene pamabisala dothi. Ikuwala kuposa mapoto a amayi.

Amayi aima poteropo. "Ukaikonzetse kuti itani?"

Ndati kuti isiye kulira. Ayang'ana njinga nthawi yaitali, alowa m'nyumba mwawo.

Amuna anga ndi akamwini pano. Nyumba yathu ili kuseri kwa ya amayi, njira ndi imodzi. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso, ndipo awiriwa sanakumanepo panjira ngakhale kamodzi. Mudzi wonse umayamikira ulemu wawo.

LACHIWIRI

Ndaitengera kuseri kwa nyumba, kumene anthu saona. Ndaikankha uku, ndaikankha uko. Chete. Ndaigoneka chagada, chishalo pamphasa kuti chisade. Ndazungulitsa pedulo ndi dzanja. Chete. Ndaika khutu pafupi. Mpango wakumutu wakodwa mu tcheni.

Amene ndikuwakayikira:
chishalo. Ndachigwedeza, sichikuyankha.
tcheni. Chimangoti tche-tche-tche, ndi mawu ake obadwa nawo.
masipoko. Ndawaliza onse ngati zingwe za bangwe. Palibe wodwala.
pakati penipeni, pamene pakumana mikono iwiri ya mapedulo. Dzina lake sindikulidziwa. Ndikupatcha pamchombo.

Ndagwira mkono wa pedulo, ndaukankhira mkati, ndaukokera kunja. Ukugwedera ngati dzino la mwana. Gwede, gwede. Ndiye kuti matenda ali pamchombo. Koma kugwedera si kulira. Amuna anga anati ikulira, ndiye ndiyenera kupeza kulira.

Masana. Zikuoneka kuti imalira pokhapokha munthu akaikwera. Ine njinga sindinakwerepo. Chitsulo cha pakatichi sichidumphika ndi chitenje, ndipo buluku mkazi savala, boma linaletsa. Ndaitsamiritsa kumtengo wa mango. Ndayang'ana mbali zonse. Ndayang'ananso. Ndaponda pedulo ndi mwendo umodzi.

Yati kwee!

Gudu sanabwere.

Uko kumtondo musi wa amayi wasiya kugunda. Kenako wayambiranso, pang'onopang'ono, ngati ukumvetsera.

Pakufunika munthu wolemera.

LACHITATU

Amalume a Namakhwa, alongo awo a amayi. Pamudzi pano palibe wolemera kuposa iwo. Ndapita kwawo m'mawa, ndakhala pansi pafupi ndi khomo, ndikudikira kuti andifunse chimene ndadzera. Andifunsa dzuwa lili pamutu.

Akwera. Matayala aphwatalala. Mimba yafika pa mahandulo eni ake asanawerame. Apita mpaka kuchitsime, akhota, akubwerera. Ine ndikuthamanga pambali nditawerama, khutu pafupi ndi pamchombo, dzanja limodzi pachitenje.

Kwee, kwee, gudu. Ndi pomwepo! Gudu amabwera mwendo wakumanja ukamatsika.

Talowa pabwalo. Amayi palibe. Lichero lili pansi, nkhuku zikudya mpunga. Chitseko cha khitchini chikumaliza kutsekeka.

Mawu ochokera mkati, aulemu kwambiri: "Mwabwerako msanga, apongozi. Kunyanja kuli bwanji?"

Amalume andiyang'ana, aika chala pamlomo. Atsokomola kamodzi, monga amachitira amuna anga akamayankha amayi.

"Iwe, apatse apongozi thobwa. Mazira aja uwaphikire."

Ndinayenera kunena. M'malo mwake ndapita kukaphika mazira. Amalume amwa thobwa, adya mazira, atsokomolanso pothokoza. Amayi atuluka iwo atapita, akuti apongozi masiku ano akudya bwino.

Madzulo. Ndikusambitsa njinga, ndipo nzeru yandifikira. Ulemu wonse uja mudzi umayamikira ukuchokera pamchombo. Amayi akamva kwee amasiya chimene akuchita. Akakhala pabwalo amalowa m'khitchini. Akakhala panjira amakhala atalowa kale m'chimanga gudu asanafike.

Za belu ndinawafunsapo amuna anga kalekale. Anati ya mjaho siikhala ndi belu, limalemera.

Nzeru imeneyi sindikudziwa poiika. Ntchito yanga ndi yomwe ndinatumidwa.

LACHINAYI

Amalume abwera okha m'mamawa, osaitanidwa. Akuti kuyeza kamodzi sikukwanira, ngakhale kuchipatala amati mubwerenso. Akwera, azungulira nkhokwe. Kwee, kwee, gudu. Amayi m'khitchini. Amalume atsokomola, lero kawiri.

"Chifuwa chimenecho ndi mphepo ya kunyanja, apongozi. Iwe, gwira msoti uja, uwaphere."

Amalume akondwa mpaka kuiwala. Ndi mawu awo enieni: "Wakuda uja ndiye wonona."

Chitseko chatseguka. Amayi ali ndi mthiko.

Zimene auzana anthu obadwa mimba imodzi sindilemba. Amalume amathamanga bwino wapansi kuposa panjinga.

Masana. Phokoso laitana anthu, ndipo aliyense ndi sing'anga wa njinga.

Che Saidi ogula matemba: thirani mafuta a mlamba. Yawo inasiya kulira tsiku lomwelo, kungoti amphaka amaitsatira.

Akulu a mpingo: njinga ya mjaho inabadwira pa phula. Siikudwala, ikungosowa kwawo.

Mayi a kutsidya kwa chitsime: ana awo amadzuka ndi kulira kumeneku kupita kusukulu. Ikakonzedwa, akakwapulidwa, mlandu ndi wanga.

Amalume, atabweranso kudzera kuseri, hamala dzanja ili, tchizulo dzanja ilo: "Kungoigogoda kamodzi basi, tione m'mimba. Ku Zomba n'kutali, mwanawe."

Ndakhala pansi kutsogolo kwa njinga. Ndangotambasula pepala la galanti pamiyendo. Amalume akuti pepala lilibe makutu, silimva kugogoda. Anthu avomera. Amalume akuyandikira.

Ndalowa m'nyumba, ndatenga chitenje changa chatsopano, ndakulunga pamchombo, ndamanga mfundo zolimba. Ndakhalanso pansi.

Mwamuna sangamasule chitenje cha mwana wa mlongo wake pamaso pa anthu. Amalume ayang'ana mfundo, ayang'ana akulu a mpingo. Aika hamala pansi.

Madzulo, amayi: "Ikakhala chete, ine ndizidziwa bwanji kuti akubwera? Ndisamukire m'chimanga?"

Ndati ndinatumidwa.

"Kutumidwa inenso ndinkatumidwa ndi abambo ako. Koma zina ndinkaiwala."

Ndikuphunzira mawu a mawa. Moni bwana. Njinga iyi ikulira pamchombo, ndipo ikugwedera. Pepala ndi ili. Ndauza nkhokwe, zayenda bwino. Ndauza mbuzi, yandiyang'ana, mawu athera pa bwana.

LACHISANU

Lole ya matemba yochokera ku Kachulu. Njinga pamwamba pa madengu, ine pansi pake nditaigwira tayala. Chitenje chili pomwepo.

Pamsika wa panjira anyamata a malaya ofiira aimitsa lole. Akufuna makhadi a chipani. Langa lili mu mpango umene uli mu mpango wina, ndalitulutsa. Mmodzi waloza njinga.

"Nanga amayi avala chitenjewa, khadi lawo?"

Anzake sakuseka, ndiye sindikudziwa ngati ndi nthabwala. Ndapereka pepala la galanti ndi manja awiri. Wayang'ana chidindo nthawi yaitali, wabweza.

"Likutha mawa ili. Mukadule lina."

Pa izi sindilemba zambiri.

Zomba. Sitolo ndaipeza. Njinga zatsopano azipachika kudenga ngati nyama ya ng'ombe. Mwini sitolo ali kuseri kwa kauntala. Ndaima pakhomo. Anthu akulowa, akutuluka. Wina wandifunsa ngati ndikugulitsa. Wina wandisungitsa dengu lake.

Pomaliza abwera amakaniko a pasitolopo, a Jafali, bambo woonda ngati bango. "Chemwali, mwabweretsa matemba kapena njinga? Mphuno ikundiuza zina, maso akundiuza zina."

Mawu onse ndinauza nkhokwe aja athawa. Ndangoti: "Ikulira."

Aona chitenje. "Masulani nokha. Ine ndili ndi banja."

Azungulitsa pedulo ndi dzanja. Chete. Akwera, apita pa phula mpaka pamphambano, abwerera. Chete! Ikungotsetsereka ngati njoka pamadzi. Ndi kupepuka kwawoko njinga sinadziwe n'komwe kuti yakweredwa. Kapena akulu a mpingo ananena zoona.

Mwini sitolo: "Pano sitikonza chimene sitinamve. Imalira bwanji?"

Onse m'sitolo atembenuka. Ndayang'ana zala zanga za kumapazi. Ndakumbuka kuti ine ndine wosamala zinthu. Ndati, kwee.

"Kwezani mawu, mayi."

Kwee, kwee, gudu.

A Jafali akufuna kudziwa ngati gudu ndi wa kutsogolo kapena wa kumbuyo. Ndabwereza. Mayi wina wogula nyale akuti ndibwerezenso, amuna awo anali panja sanamve. Ndabwereza. Amunawo akuti yawo imati tswii. Afunsa ngati ndingathe tswii.

Mwini sitolo akuti ndimachita bwino, koma pakamwa panga sipanagulidwe m'sitolo mwake. Ndibwere ndi njinga ikulira yokha.

Za kugwedera kuja ndakumbuka ndili panja, atatseka.

Ndigona kwa amayi aang'ono, pafupi ndi msika. Mphasa ya alendo ndi imodzi. Yodwala ndi njinga, ndiye igonapo ndi iyo.

LOWERUKA

Galanti ikutha masana. Sitolonso itseka masana.

M'mawa, kusaka munthu wolemera. Mumsika alipo ambiri. Ndaima pafupi ndi bambo wa butchala, woposa amalume. Koma munthu umayamba bwanji? Pepani bambo, ndaona kuti ndinu onenepa? Ali ndi chimpeni m'manja. Ndagula anyezi kwa mayi wa pambali pake, ndachoka.

Ndakhala pakhonde la sitolo. Njinga pambali, pepala pamiyendo, anyezi pansi. Kulowa sindikulowa. Kupita sindikupita.

Mkati wina wati kwee. Ndi wosesa. A Jafali ayankha kuchokera kuseri, kwee. Mlonda pakhomo, nkhope yake osasintha: gudu.

Zikuoneka kuti anayamba dzulo. Wonyamula katundu akamatsitsa bokosi, gudu. Chitseko chikamatseguka, kwee, kwee. Ogula nawonso alowamo. Mayi wa nyale uja wabwera ndi mnzake kudzamuonetsa ine. Ndafunda chitenje mpaka pamphuno.

Mthunzi wa khonde ukufupika. Ndikuuyang'ana.

Mwini sitolo watuluka, maso ofiira. "Mayi, ndamva. Ndamva dzulo, ndamva lero, kunyumba ana anga akuimba yomweyo podya. Jafali, itsegule ichoke pano."

A Jafali abwera ndi sipanala yawoyawo yooneka ngati mbedza. Agwira kaye mkono wa pedulo. Gwede, gwede. "Chemwali, izi bwanji simunanene dzulo?" Ndayang'ana anyezi.

Atsegula pamchombo. Mkati muli timipira tachitsulo, akuti mabelingi. Tinayenera kukhala tozungulira ngati nandolo. Tili ngati chimanga chokonola. Girizi mulibe. Atenga nyuzipepala, ayang'ana kaye mbali zonse ziwiri kuti pasakhale chithunzi chosayenera kuthirapo zinyalala, akhuthula. Dzimbiri, ndi mchenga wodzaza supuni.

Aupikitsa ndi zala. "Mchenga wosalala chonchi, ngati wochita kusefa. Amuna anu amapalasa pansi pa nyanja?"

Sindikudziwa unalowa bwanji. Ine ndimaikwecha tsiku lililonse, dothi sindisiya ngakhale pang'ono.

Timipira tatsopano, girizi wambiri, atseka. Mwini sitolo wadinda pepala, walemba kuti galanti yatha. Chitseko chikutsekedwa, mlonda wanong'ona gudu womaliza.

Ndakwanitsa!

Lole yobwerera, madengu opanda kanthu. Kuchokera pamsewu ndaikankha. Pachitsime ndakumana ndi amalume, akuti aiyeze. Akwera. Chete. Apalasa mpaka pabwalo, aima kumbuyo kwenikweni kwa amayi amene akupeta mpunga. Amayi osatembenuka. Amalume atsika pang'onopang'ono, andibwezera mahandulo.

"Mwaipha," atero.

Amayi akufunsa ngati sitingamangirire kachitini ka miyala pansi pa chishalo. Ndati amuna anga anati ndidzaipeze itatseka pakamwa. Akuti chabwino, mawa akapemphera.

LAMULUNGU

Amuna anga afika ife tili kutchalitchi. Ine ndatulukako msanga kudzaphika, amayi atsalira kumsonkhano wa azimayi. Ndawapeza atagwada, akuzungulitsa pedulo, khutu pamchombo.

"Ndinanena ine. Inu ndinu osamala zinthu."

Ndayang'ana pansi, koma mtima uli kwee, kwee, gudu.

Akuti akaiyese pakanjira ka kusikimu. Ndi kamene amayi amadzera pochokera kutchalitchi. Mbali iyi mpunga, mbali iyo ngalande, pakati pongokwana munthu mmodzi. Ndinayenera kunena. Pakamwa ndatsegula. Anali atapita kale, opanda phokoso, mutu pansi monga imafunira njinga ya mjaho.

Ndathamangira pachulu. Ndikuona zonse. Amayi akubwera, zovala zoyera, buku la nyimbo pamutu, akuimba. Uku amuna anga, mutu pansi, liwiro limene sindinaliwonepo. Pakati pawo chitsamba cha bango pokhota. Ndakweza dzanja. Ndaganiza zofuula kwee, popeza ndimatha. Ndachedwa.

Amayi adumphira mu mpunga. Amuna anga mu ngalande, ndi njinga yomwe.

Ndafika. Amayi akhala m'matope mpaka m'chiuno, nkhope kuphiri la Zomba. Amuna anga agwada m'madzi, nkhope ku chilumba cha Chisi. Tayala lakumbuyo likuzungulirabe, mwakachetechete.

"Mwaswera bwanji, apongozi?"

Amuna anga atsokomola.

"Iwe, tandiuza, ndi apongozi kapena ndi amalume akonso? Ine sindinaone kanthu."

Ndati ndi apongozi. Amuna anga auza ngalande kuti iwonso sanaone kanthu. Akhala choncho onse awiri, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuchoka. Mpingo wonse wafika, waima pamzere pakanjira, chifukwa podutsa palibe. Akulu a mpingo akuti ulemu wotere sanauonepo.

Masana. Zochapa:
zoyera za amayi
buku la nyimbo, kuyanika tsamba ndi tsamba
njinga

Matope a mu ngalande ndi okanika. Mchenga wosefa wapita wambiri. Pamchombo ndakwecha mpaka mikono kuwawa, ndatsukuluza ndi ndowa yathunthu. Pafunika kusamala kwambiri tsopano, muli timipira tatsopano.

Madzulo. Amuna anga akwera kukaona anzawo. Popita, chete. Pachitsime, ngati ndamva kanthu. Pobwera yayamba kumveka akadali kusikimu.

Atsika, ayang'ana njinga, ayang'ana ine. Galanti inatha dzulo. Pepala ndalibwezera m'Baibulo, patsamba pomwe linali.

Uko kwa amayi chitseko cha khitchini chatsekeka bwinobwino, mosafulumira. Mawu ochokera mkati:

"Iwe, apatse apongozi thobwa. Njinga yachira."